Bere la Amtengwa

Mwana wanga wamkazi, wachiwiri kubadwa, ali ku China chaka chachitatu tsopano. Anapita kukaphunzira za zilankhulo. Pamene ankanyamuka ndinkaganiza kuti akukaphunzira Chitchaina kuti adzapeze ntchito yomasulira m'maofesi a ku Lilongwe, ndipo ndi zimene ndinkauza amayi anzanga akumpingo akandifunsa. Ine ndine mphunzitsi wopuma. Ndinaphunzitsa masukulu apulayimale a ku Ntchisi kuno mpaka tsitsi kuyera, ndipo ndimakhala pa Malomo, m'nyumba imene tinamanga ndi malemu amuna anga.

Mwanayu amakonda kuimba foni m'mawa, chifukwa kumene aliko dzuwa limakhala litapendeka kale. Loweruka lina m'mwezi wa Meyi anandipeza ndikusesa pakhonde. Titalonjerana anandiuza kuti tsopano wasankha mutu wa kafukufuku wake. Anati akufufuza kumene kunachokera mawu otchulira bere ndi mkaka m'zilankhulo za kumeneko.

Ndinatsamiritsa tsache kukhoma. Ndinamufunsa ngati akunena bere lomweli la munthu wamkazi. Anaseka, nati lomwelo. Ndinamufunsa ngati aphunzitsi ake ndi aamuna kapena aakazi. Anati ndi bambo achikulire ovala magalasi, ndipo iwowo ndi amene anamulimbikitsa. Ndinakhala pansi pa masitepe. Kwathu liwu limenelo sitinkalitchula chisawawa pali abambo, tsono mwana wanga azikalilemba pa bolodi pamaso pa anthu achilendo? Ndinaganiziranso zoti ndidzawauza chiyani amayi anzanga aja.

Iye sanalabadire za manyazi anga. Anandifotokozera mwaliwiro, monga amachitira akakondwa, kuti Chitchaina, chilankhulo cha ku Tibet, cha ku Burma ndi zina zambirimbiri za m'mapiri a kumeneko ndi za banja limodzi, monga mmene Chichewa chilili ndi Chitumbuka ndi Chiyao. Anati m'zambiri mwa izo bere ndi mkaka ndi liwu limodzi. Ku Burma amati "no", ndiye bere ndi mkaka womwe. Ku Tibet bere amati "numa". Atchaina amati "nai", ndipo akalibwereza kawiri, "nainai", ndiye kuti agogo aakazi akuchimuna. Chimene akatswiri amatsutsana, anatero, n'chakuti kodi mawu ofananafananawa anatsika kuchokera ku liwu limodzi la makolo awo akalekale, kapena ndi kamvekedwe chabe ka pakamwa pa khanda, koti anthu osadziwana n'komwe angathe kukatola aliyense kwawo. Ndinamvetsera. Uphunzitsi sutha m'thupi, moti pofika apa manyazi anali atayamba kuchepa.

Kenako anafika pa chimene anaimbira. Aphunzitsi ake anamuuza kuti ayerekeze ndi chilankhulo chakutali, chosakhudzana ndi za kumenekozo, ndipo chosavuta kupeza chinali chake chomwe. Ankafuna Chichewa cha anthu akale, osati cha pawailesi. Anandipempha kuti ndipite kumudzi kwathu, kufupi ndi Bowe, ndikajambule pa foni mawu a amayi anga aang'ono. Mwa akuluakulu a m'banja mwathu ndi iwo okha amene atsala, amayi anga ondibereka anamwalira kalekale. Mafunso ananditumizira, asanu ndi atatu, ndipo ndinawakopera m'kope ndi dzanja.

Ndinanyamuka Lachiwiri m'mamawa, minibasi ziwiri kenako njinga yamoto ya kabaza. Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Amayi aang'ono ndinawapeza m'chigafa cha achimwene anga, mmene fodya anali atachokamo kale, atatambalala pa thumba akuthothola mtedza. Makutu awo anayamba kuvuta koma mutu ndi wabwinobwino, amadziwa mbuzi ya aliyense pamudzipo. Nditawauza chimene ndadzera anaseka mpaka kutsokomola. Anati mwana kumutumiza kutsidya la nyanja kuti akaphunzire bere, chikhalirecho analiyamwa zaka ziwiri pa Malomo pomwepo. Komabe anavomera. Ndinavundikira beseni n'kuika foni pamwamba pake.

Anayankha bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Anati paubwana wawo mkaka unali wa ng'ombe, wa munthu ankangoti bere. Mwana wakana bere. Bere lauma. Mwana amusiyitsa bere. Zoti mkaka wa m'mawere anati anazimvera kusikelo, kwa anamwino. Ndinalemba zimenezo ndikudziwa kuti mwana wanga akondwa nazo, popeza zinkafanana ndi za ku Burma zija. Pa funso lachisanu, loti kodi liwuli lili ndi ntchito ina, anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Anati kodi sindidziwa kuti ana ndi zidzukulu za mayi mmodzi ndi bere limodzi, kuti pamudzi pamakhala bere lalikulu ndi bere laling'ono, ndiponso kuti minda imayenda ndi bere? Ndinati ine ndikudziwa, koma foniyi siidziwa.

Funso lomaliza linali la mayi woyamwitsa mwana wa mnzake. Mwana wanga anali atalemba m'munsi mwake kuti Atchaina ali nalo dzina lake, "naima", kuphatikiza liwu la bere lija ndi la mayi. Ndinawafunsa ngati ifenso tinali nalo.

Anaganizira kanthawi, manja akuthothola.

"Dzina tinalibe," anatero. "Tinkangoti mwana wa uje anamuyamwitsa ndi uje. Ngati iweyo, timati anakuyamwitsa ndi amtengwa."

Amtengwa pamudzi pathu anali amodzi okha, akazi a malemu amalume anga, amene anabwera ndi chitengwa kuchokera ku Chisepo ine ndisanabadwe. Ndinaganiza kuti ukalamba wawasokoneza, akunditenga ngati mwana wina. Ndinawakumbutsa mokweza kuti ndine mwana wa akulu awo, wa ku Malomo. Anati akundiona bwinobwino. Kenako manja awo anaima. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kukamwa kuli yasa.

"Kodi amako anapita osakuuza?"

Analoza foni ndi mlomo, nafunsa ngati chinthucho chikumvabe. Chinali chikumva. Sindinachizimitse, ndiye zonse zimene ananena pambuyo pake zinalowamo.

Anati nditabadwa, patangotha sabata ziwiri, amayi anga anatupa bere, thupi n'kutentha mpaka kumabwebweta. Anawanyamula pa ngolo kupita nawo ku chipatala cha mishoni, ndipo anakagonako miyezi itatu. Ine anandisiya ndi agogo. Anayesa phala lamadzimadzi, ndinkalavula. Mkaka wa m'chitini kunalibe woudziwa kumudziko. Tsiku lachitatu ndinasiya kulira, ndipo azimayi anayamba kunong'onezana za kumene akandiike. Amtengwa nthawi imeneyo anali ndi khanda lawo loyamba, lamwamuna, la miyezi inayi. Palibe anawapempha, chifukwa anthu ankaopa kuti bere la mlendo lingadwalitse mwana. Iwo anangolowa m'nyumba ya agogo, n'kunditola pamphasa, n'kukhala nane pansi pakhomo pomwepo.

Anandiyamwitsa chaka chathunthu ndi miyezi, chifukwa amayi atabwerako bere lawo linali litauma. Kumunda ankapita wina kumbuyo wina kutsogolo. Mvula itafika pakati, nthawi imene nkhokwe zimakhala zitapepuka, mwana wawo uja anayamba kuonda, ndipo anamwalira asanayambe kuyenda. Amayi aang'ono anati anthu pamudzi ankanena kuti bere la mayi mmodzi silikanakwanira awiri, wamphamvu ndi amene anatsala. Azimayi atabwera koika mwanayo, amtengwa anasamba m'manja n'kuitanitsa ine.

Ndinafunsa chifukwa chake nkhaniyi inabisidwa. Anati vuto ndinali ine. Nditayamba kuyankhula, amene ndinkawaitana kuti amayi anali amtengwa. Amayi ondibereka akandinyamula ndinkalira ndi kuwakanda kumaso, anthu akuona. Iwo anali mkazi wa mkulu wa mpingo, munthu wosafuna kusekedwa. Tsiku lina anandilanda pamiyendo pa amtengwa, n'kulengeza kuti aliyense wodzatchula nkhaniyi adzaonana naye. Bambo anandipititsa kwa azakhali kwa miyezi ingapo kuti ndiiwale. Ndinaiwaladi.

Ndili chikhalire m'chigafamo zinthu zinayamba kubwera chimodzichimodzi. Ndinakumbukira mkwapulo umene ndinalandira ndili sitandade wani chifukwa chodya maungu kwa amtengwa. Ndinakumbukira amayi akutiuza kuti mkazi ameneyo ndi wamwano, tisamazolowere pakhomo pake. Tsiku limene ndinkapita ku sekondale amtengwa ananditsatira mpaka kumsewu ndi kampukutu ka mtedza wokazinga, ndipo basi itangonyamuka ndinakapereka kwa amene ndinakhala naye pampando. Ndinakula ndikudana nawo osadziwa chifukwa chake. Koma chimene chinandiwawa koposa chinali china.

Amalume anamwalira zaka ngati makumi awiri zapitazo. Litafika tsiku losudzula, abale anakhala pansi pa mthethe wa kuseri kwa nyumba yawo. Amtengwa anapempha kuti asabwerere kwawo. Anati akhala pamudzipo zaka zoposa makumi anayi, ku Chisepo makolo awo anatha, ndipo akungopempha munda umene ankalima ndi amuna awo ndi kadimba ka kudambo. Akuluakulu ankangoyang'anana, palibe wofuna kuyamba. Ine nthawi imeneyo ndinali wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo pamisonkhano ya pabanja ankandipatsa mpata ngati mwamuna. Amayi anandigunda ndi chigongono. Ndinayankhula. Mawu ake ndikuwakumbukira onse, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkanyadira mmene ndinawasanjira.

"Malo ano ndi a bere la agogo athu. Inu munabwera ndi chitengwa. Bere lanu lalera ana anu okha, silinalerepo munthu wa pamudzi pano. Ana anu akalime kwa amayi awo."

Panangoti zii. Mkulu wina anatsokomola. Amayi aang'ono anadziphimba kumaso ndi chitenje, ndipo ine ndinayesa kuti akulira mlongo wawo. Amtengwa sanandiyang'ane ine. Anayang'ana amayi anga, amayi anga akuyang'ana pansi, akutokosa dothi ndi kamtengo. Anadikira. Amayi sananene kanthu. Pomaliza amtengwa anaomba m'manja pang'onopang'ono, nati amva. Atakolola anasamuka, pamodzi ndi ana awo aakazi awiri ndi zidzukulu. Tsiku limenelo ndinabwerera ku sukulu ndikudziona ngati ndateteza mbumba, ndipo kukhala chete kwa anthu kuja ndinakuyesa ulemu.

Achimwene anafika kuchokera kumsika ndidakali pomwepo. Iwo ndi aakulu kwa ine zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndi amene akulima munda uja. Chigafa chimene ndinakhalamocho chinamangidwa pamalo pamene panali nyumba ya amtengwa. Sindinawalonjere n'komwe. Ndinawafunsa ngati ankadziwa. Anaimika njinga, n'kuyang'ana amayi aang'ono, kenako anati nkhani imeneyo palibe wamkulu pamudzipo amene saidziwa, ndipo iwo amaikumbukira ndi maso awo. Ndinawafunsa chifukwa chake sananditseke pakamwa tsiku lija, popeza anali pomwepo, atakhala moyang'anizana nane.

"Unkayankhula bwino, mlongo wanga," anatero. "Ndipo mundawo tinkaufuna."

Ananena mosabisa, mopanda ukali, ngati akukamba za mvula. Kenako anafunsa ngati ndigone kapena ndibwerera lomwelo, kuti auze alamu aphe nkhuku. Ndinabwerera lomwelo. Pa kabaza ndinagwira mpando ndi manja onse awiri, ndipo woyendetsayo anandifunsa kawiri ngati ndikudwala.

Sabata yonse sindinatumize kanthu. Ndikatsuka mbale ndinkamvetsera, ndikabwera kumunda ndinkamvetseranso, poganiza kuti mwina ndimva china chosiyana. M'fonimo munkamveka mtedza ukugwera m'lichero, nkhuku zikutetera, ndi mawu anga omwe akufunsa mafunso mwauphunzitsi mpaka pamene anasiyira. Lamulungu kutchalitchi ndinalephera kuimba. Ndinkangodzifunsa kuti ndi angati mwa anthu amene ndawadziwa moyo wanga wonse ankandiona ndikudutsa ndi mabuku m'manja, akudziwa za ine chimene ine mwini sindinkachidziwa. Malemu amuna anga ankadziwa? Analipo tsiku lija, anakhala kumbali ya akamwini, ndipo pobwerera sananene kanthu njira yonse. Nthawi imeneyo ndinkati atopa.

Ndinaganiza zodula mbali yomalizayo, koma kadulidwe kake sindikadziwa, ndiye ndinatumiza zonse. M'mawa mwake mwana wanga anaimba. Za mawu a bere ndi mkaka sanatchule. Ndinamuuza za tsiku losudzula, zimene m'fonimo munalibe, osasiyako liwu. Kenako anandifunsa ngati agogo amenewo ali moyo. Ndinamuuza kuti sindikudziwa. Zaka makumi awiri, mtunda wosakwana tsiku limodzi, ndipo sindinkadziwa ngati ali moyo kapena anamwalira. Ndinadzimvera ndekha mmene zinamvekera.

Ndinapita ku Chisepo Lachinayi lotsatira. Ndinanyamula shuga, sopo ndi chitenje chatsopano. Panjira ndinachita nako manyazi kakatunduko, koma kupita chimanjamanja kunali kosatheka. Ndinafunsa pamsika, ndinafunsa pachigayo. Mayi wina wogulitsa tomato anandilozera mudzi wa kuseri kwa kaphiri, nati ndikafunse nyumba ya agogo osaona.

Amene ananditulukira anali msuweni wanga, mwana wawo wamkazi wamkulu, amene tinkayendera limodzi ku sukulu tili ana. Anandizindikira ndili patali. Anaima pakhomo manja ali m'chiuno. Anafunsa ngati kwagwa zovuta kumudzi. Ndinati ayi. Anati ndiye ndadzatani, popeza munda tinatenga kale ndipo kuno kulibe wina. Kuseri kwa nyumba kunamveka mawu ofunsa kuti kwabwera ndani, ndipo msuweni anayankha mokweza kuti kwabwera aphunzitsi a ku Bowe.

Amtengwa anali pamkeka akuothera dzuwa, ochepa thupi kuposa mmene ndinkawakumbukirira, maso onse awiri ali ndi ng'ala. Ndinagwada. Ndinawapatsa moni, iwo anayankha mwaulemu ngati akulankhula ndi mlendo wa kuboma, nafunsa za ulendo, za ana, za mvula ya ku Ntchisi. Mawu amene ndinakonzekera mu minibasi anandithawa onse. Ndinangoti amayi aang'ono andiuza.

Sanafunse kuti andiuza chiyani. Anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga, nafunsa kuti andiuza liti. Ndinati sabata yatha. Kenako anati iwo ankaganiza kuti ndikudziwa. Zaka zonsezi ankaganiza kuti tsiku lija ndinayankhula ndikudziwa. Msuweni, amene anali ataima chapatali, anati nayenso ankadziwa choncho, ndipo sakukhulupirira kuti munthu angafike pomera imvi osauzidwa. Ndinayang'ana uyu, ndinayang'ana uyu. Zimenezi sizinandifike m'mutu ngakhale kamodzi panjira yonse. Ine ndinkadziona ngati mwana amene anamupusitsa, koma iwo zaka makumi awiri ankaona munthu amene analavulira dala bere limene anayamwa.

Ndinalira pamenepo, kulira kosayenera msinkhu wanga. Ndinapepesa. Ndinati ndamvanso za mwana wawo, kuti anamwalira chifukwa ine ndinamulanda chakudya. Apo mawu awo anasintha.

"Wakuuzani zimenezo ndani? Mwana wanga anafa ndi chikuku, ndipo chaka chimenecho sanafe yekha pamudzi paja. Bere langa linali lokwanira awiri, mpaka kumanyowetsa nsalu. Musadzikweze kuti munapha munthu."

Msuweni anaseka pang'ono, koyamba chifikire changa. Ine sindinadziwe ngati andikhululukira kapena andikalipira. Mpaka lero sindidziwa kuti zoona ndi ziti, zawozo kapena za amayi aang'ono. Onse awiri analipo.

Za amayi anga ananena zochepa. Anati anali munthu wamantha. Tsiku lija pansi pa mthethe anawadikira kuti atsegule pakamwa, chifukwa iwo eni ake sakanatha kudzitchulira zimenezo pabwalo, zikanaoneka ngati anandiyamwitsa kuti adzapatsidwe munda. Ndinawauza kuti ndikalankhula ndi achimwene. Anati ndisavutike, khasu analisiya kalekale. Msuweni anati iye khasu sanalisiye, ndipo ana ake akulima kamunda kamiyala kosakwana n'kudya komwe.

Ndinafunsa ngati pali china chimene ndingachite. Anasisita bondo. Anati chilipo chimodzi. Amuna awo ndi mwana wawo uja agona ku Bowe, ndipo chichokereni sanapondeko. Akufuna akafikeko miyendo isanakane.

Zinatenga mwezi ndi theka. Pakati pomwepo mwana wanga anandiuza kuti anapatsa aphunzitsi ake mbali yoyamba yokha ya mawu ndinajambula aja, yothera pa funso lachisanu ndi chiwiri, ndipo iwo anachita chidwi ndi zoti kwathu bere ndi banjanso. Ndinati chabwino. Mutu wanga unali kwina. Achimwene poyamba anakana za ulendowo, poopa kuti ndi njira yoyambitsira nkhani ya munda, ndipo sanalakwitse kwenikweni chifukwa ndinaiyambitsadi. Tinakangana mpaka alamu anatuluka m'khitchini kudzatileretsa. Za kumanda zinatheka chifukwa cha amayi aang'ono, amene anatenga ndodo yawo n'kupita okha kukapempha kwa amfumu. Galimoto anandithandiza ndi mwana wa mnzanga wa pa Malomo.

Tinalowa kumanda m'mawa wina mu Julaye, kukuzizira, ine mbali iyi, msuweni mbali iyo, amtengwa pakati, amayi aang'ono akubwera m'mbuyo. Manda a amalume tinawapeza msanga chifukwa ali ndi chiliza. Amtengwa anachisisita ndi dzanja kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, nafunsa kuti anamanga ndani. Msuweni anawauza kuti ndi ine. Iwo anangopitiriza kusisita.

A mwana uja sitinawapeze. Makanda ankawaika kumphepete, popanda chizindikiro, ndipo kumeneko kunali kutamera tchire. Amtengwa anati panali mtengo wa msuku. Misuku inalipo itatu. Amayi aang'ono anati ndi wapakatiwo, amtengwa anati ayi, unali kufupi ndi njira, amayi aang'ono anati njirayo inasuntha kalekale. Anayamba kutsutsana mokweza, wina wosamva, wina wosaona, ife tangoima. Pomaliza amtengwa anapempha kuti tiwakhazike pansi pakati pa misuku iwiri yoyambayo. Anakhala pamenepo kanthawi, osalira, akuzula udzu umene dzanja lawo linkafikira. Kenako anati kwazizira, tizipita.

Pamudzi amtengwa anakana kulowa m'nyumba iliyonse. Anamwera thobwa m'galimoto, chitseko chili chotsegula, anthu akubwera mmodzimmodzi kudzagwada pambali pa tayala. Ambiri ankawazindikira ndi mawu, ena ankafunsa kuti ndi mwana wa yani. Achimwene anabwera pomalizira, chipewa chili m'manja. Ndinayembekezera kuti pamveka mawu olemera, ndipo msuweni anali atasendera kale pafupi. Koma amtengwa atayankha moni anangowafunsa ngati chitsime cha kudimba chimaumabe mu Okutobala. Achimwene anati chimauma. Iwo anawauza kuti akumbe cha kumunsi, pafupi ndi nthochi, pamene amalume anayamba kukumba asanadwale, chifukwa pamenepo madzi ali pafupi. Achimwene anayang'ana pansi, nati ayesa.

Anakumbadi mu Seputembala, ndipo madzi anawapeza dzenje lisanafike m'mapewa. Chaka chino adzala kabichi ndi anyezi mpaka m'mphepete mwa dambo. Za munda sanasinthe maganizo. Ine ndimapita ku Chisepo mwezi uliwonse, ndipo ulendo uliwonse msuweni amandiperekeza mpaka pachigayo n'kundifunsa kuti achimwene akuti bwanji. Ndimamuuza zoona, kuti akukanabe.